Mwana Amene Sanabweretse Mtengo

Pa zaka khumi ndi zinayi zomwe ndagwira choko, ndagwaditsapo ana ambiri, ena olakwa, ena mwina ayi. Koma pali mmodzi amene mpaka lero ndikamukumbukira ndimasiya chimene ndikuchita, nkhope n'kutentha ngati ndaweramira pa mbaula. Anzake ankamutchula Kachete, chifukwa mawu ake ankachita kugula. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinamugwaditsa pakhonde la kalasi kuyambira belu loyamba mpaka nthawi yopuma, mlandu wake unali woti sanabweretse mtengo.

Mundimvetse bwino, ine si mphunzitsi waulesi. Ayi ndithu. Vuto langa ndi pakamwa. Chinthu chikandipsetsa mtima ndimafuna aliyense apse nane, ndipo nkhani ya mitengo imandipsetsa mtima zedi. Kuseri kwa sukulu yathu kuli phiri. Pamene ndinkafika pasukulupo linali lobiriwira, anyani n'kumalira m'mawa. Pano ndi dazi lokhalokha ngati mutu wa amalume anga. Kamtsinje kamene ana ankasambamo kamauma mvula ikangosiya, ndipo ikagwa kamabwera ndi matope okhaokha. Choncho mutu wa kudula mitengo utafika m'buku, ndinati ana awa aumva mpaka m'mafupa.

Lolemba ndinabwera ndi mabeseni awiri akunyumba. Limodzi ndinaikamo dothi lomwe ndinalikumba ndi udzu wake womwe, lina dothi lopanda kanthu. Ndinawapendeketsa pa njerwa kutsogolo kwa kalasi, ana 64 atandizungulira, ena atakwera pa mabenchi. Ndinatenga kheni yothirira maluwa ya ahedi.

"Iyi ndi mvula," ndinatero. "Penyani."

Ndinathira pa beseni la udzu. Madzi analowa pansi mwakachetechete, otsala n'kutsika oyera ndithu. Ndinathira pa linalo. Aaa, dothi linang'ambika timingalande, matope n'kuyenderera mpaka pa nsapato zanga.

"Eeee! Aphunzitsi, dothi likuthawa!" anakuwa Wailesi. Wailesi ndi kamtsikana kamene sikazima. Kamayamba kulankhula kakangolowa pageti, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale kutulo kamaulutsabe nkhani.

"Likuthawa chifukwa palibe chouligwira. Mizu ndi zala za mtengo. Mukadula mtengo, mwadula zala zogwira dothi."

Ana anaonetsa zala zawo m'mwamba, akuzipinda ngati mizu. Linali phunziro labwino, ndinene zoona. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero ndilibe nkhani yokuuzani. Koma pakamwa pangapa, abale inu!

Nditatembenuka kuti ndipukute manja, ndinaona pazenera bambo wina akukankha njinga mumsewu wa kuseri kwa mpanda. Pa kaliyala panali matumba atatu a makala, osanjikizana kupitirira mutu wake. Ndinatola lula n'kuloza.

"Mukumuona uyo? Phiri lathu likupita apo, pa njinga. Mdani wa mitengo ndi ameneyo."

Ana anathamangira kumazenera. Wailesi ndiye anayambitsa, enawo n'kupolokezana naye akuwomba m'manja. "Mdani wa mitengo! Mdani wa mitengo!" Bamboyo anamva phokoso, anadzutsa mutu, anaona timitu tambiri pazenera. Anaganiza kuti akumupatsa moni. Anagwira njinga ndi dzanja limodzi, linalo n'kutibayibitsa, akumwetulira.

Bamboyo ndinkamudziwa. Musaganize kuti ndinaloza mlendo. Ndi yemwe ankandibweretsera makala kunyumba mwezi ukamatha, amalowera geti la kuseri n'kukatula thumba pakhonde la khitchini. Zimenezo sindinawauze anawo. Kunena zoona, nthawi imeneyo sizinandibwerere n'komwe m'mutu, ngati kuti amene amagula makala kunyumba kuja ndi mayi wina, amene wagwira lula ndi wina. Ndinaona kuti mwana mmodzi sanapite kuzenera, anangokhala pa benchi atagwira pensulo ndi manja onse awiri. Ndinati ndi Kachete, ndi mmene alili.

Lachiwiri ahedi anandiitana mu ofesi. Anati Lachisanu kubwera alendo a ku ofesi ya maphunziro, ndipo amva za mabeseni anga, akufuna adzaonerere kalasi yanga. Ndinasangalala zedi. Mphunzitsi wa ana aang'ono saonedwa ndi munthu, ntchito yake n'kupukuta mamina ndi kumanga zingwe za nsapato. Lero alendo akufuna ine! Ndinabwerera m'kalasi ndikuyenda ngati ndavala nsapato zatsopano.

"Lachisanu aliyense abwere ndi kamtengo kamodzi kobzala," ndinalamula. "Tidzabzala alendo akuona. Amene sabweretsa asadzalowe m'kalasi mwanga. Mwamva?"

"Tamva, aphunzitsi!"

Sindinawauze kokatenga. Sindinadzifunse kuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, m'dera lomwe ine ndemwe ndangophunzitsa kuti mitengo inatha, mbande ya mtengo akaipeza kuti. Ife aphunzitsi tinazolowera kulamula. Bweretsani tsache, matsache amabwera. Bweretsani zitsekerero za mabotolo zowerengera, zimabwera. Kumene zachokera sitifunsa.

Lachisanu m'mawa bwalo la sukulu linasanduka kankhalango koyenda. Mwana aliyense anali ndi kamtengo kofika m'bondo, ena keshya, ena mibawa, masamba obiriwira bwino. Ndinawerenga, inakwana 63. Ndinaona ndithu kuti mitengoyo ndi ya msinkhu umodzi, ngati yobadwa kwa mayi mmodzi. Ndinaonanso kuti yambiri mizu yake ili pamtunda, yopanda dothi, muzu waukulu uja utaduka ngati wochita kukoka. Munthu wanzeru akanafunsa. Ine maganizo anga anali pa tchati chimene ndinajambula ndi pa diresi langa lomwe linali litakwinyika kumbuyo.

Kumapeto kwa mzere kunali Kachete, manja lendelende.

"Iwe, mtengo wako uli kuti?"

Ndinamuyandikira.

"Ndikulankhula ndi iwe. Anzako onsewa apeza. Kwanu kulibe ngakhale kamtengo kamodzi?"

Sanandiyang'ane ine. Ankayang'ana mitengo imene inali m'manja mwa anzake, umodzi umodzi, milomo ikugwedera ngati akuwerenga. Pa tsaya lake panali pokalika. Ndinamva ana ena akuseka chamumtima, ndipo ndinaganiza kuti akuseka ulesi wake.

"Anthu ngati iwe ndi amene mukumaliza dziko. Gwada apo pakhonde."

Anagwada. Galimoto ya alendo itamveka pageti ndinamusamutsira kumapeto kwa khonde, kuseri kwa chitseko, kuti asandiwonongere chithunzi. Inde, ndinachita zimenezo. Alendo anaonerera mabeseni, anagwedeza mitu, ana anaimba, tinabzala mitengo m'mizere m'mbali mwa mpanda, wina anajambula ndi foni. Mayi wamkulu wa gululo anandigwira dzanja n'kunena kuti aphunzitsi onse akanakhala ngati ine, dziko likanabiriwira. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba mapazi osagunda pansi.

Lolemba Kachete sanabwere. Lachiwiri sanabwerenso. Mitengo ija inayamba kuweramitsa mitu ngakhale tinkaithirira m'mawa ndi masana.

Lachitatu nthawi yopuma ndili pa tebulo kuchonga makope, ndinamva kuodira pakhomo. Anali bambo a makala aja. Njinga anaiyedzamiritsa pa khoma, yopanda katundu. Anavala malaya oyera ochapa bwino, chipewa chili m'manja, koma m'mizere ya zala zawo munali bii, makala aja osachoka ndi sopo. Ndinatuluka msangamsanga n'kutseka chitseko kumbuyo kwanga, kuopa kuti ana angaone.

"Bambo, za makala ndi kunyumba, osati kuno," ndinanong'ona mokalipa.

"Pepani aphunzitsi, sindinabwerere makala. Ine ndine bambo ake a mwana wanu uja, amene anzake amamuti Kachete."

Kumisonkhano ya makolo kunkabwera amayi ake. Pa ana 64, ndani ndi mwana wa ndani, sindinkadziwa onse. Koma musandimvere chisoni, chifukwa zimenezo si chowiringula.

"Ndimapempha ndione nawo mitengo imene mwabzala," anatero.

Ndinawatsogolera kumpanda. Anayenda pang'onopang'ono m'mizere muja, n'kumanjuta pa kamtengo kalikonse, kugwira tsamba, kufukula pang'ono patsinde ndi chala. Sankalankhula ndi ine, ankangodziyankhulira.

"Uwu unali pafupi ndi bafa. Mbuzi inaudya nsonga chaka chatha, ndi chifukwa chake uli ndi mphanda. Uwu wapita. Uwunso wapita. Uwu mwina."

"Mitengoyi mukuidziwa?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinali nditalidziwa kale.

Anadzuka n'kupukuta chala pa buluku. Anandifotokozera modekha, ngati akundiuza njira ya kumsika. Kuseri kwa nyumba yawo kuli chigwembe chimene madzi ochokera m'phiri anakumba. Chaka chilichonse chimadya phazi limodzi kapena awiri kulowera kunyumba. Pano chatsala mapazi asanu kuti chifike pa khoma la chipinda chimene ana amagona. Zaka ziwiri zapitazo anayamba kutola njere, kufesa m'mapepala a shuga, n'kubzala m'mphepete mwa chigwembecho. Chilimwe chonse ankathirira, iwo ndi chidebe, mwana uja ndi kabotolo kake. Lachinayi lapitalo madzulo pochokera kogulitsa anapeza maenje okhaokha, mwana atakhala pansi pakati pa maenjewo.

Ndinaitanitsa Wailesi. Anabwera akudumphadumpha, koma ataona bambowo anabisala kumbuyo kwanga.

"Mitengo iyi munaitenga kuti?"

"Tinaipulumutsa, aphunzitsi!" Ananena monyadira, chifuwa patsogolo. Ndiye wailesi inatseguka. Tsiku la mabeseni lija, poweruka, mwana wina anaulula kuti mdani wa mitengo uja ndi adadi ake a Kachete. Anzake anamuimba Kachete njira yonse. Lachiwiri anamuimbanso. Lachitatu Kachete analankhula, ati mokweza koyamba chibadwire. Anati, adadi anga si mdani, amabzala mitengo, bwerani mudzaone. Ana ena anapita kukaona, anaipezadi yambirimbiri. Ndiye Lachinayi poweruka anabwererako kalasi yonse.

"Tinagwirizana kuti ikakula adzaiotcha makala," anatero Wailesi. "Si munati ndi mdani? Ndiye tinaizula kuti idzakhale kuno kwa ife, isafe. Kachete amatiletsa, mpaka anandiluma apa, onani. Ine ndinamukankha."

Ndinamuuza kuti apite. Tinatsala awiri pampanda paja, dzuwa lili pamutu.

Ndinkafuna bambowo andilalatire. Kulalata ndimakudziwa, munthu akakweza mawu nanenso ndimakweza, basi timathana. Koma iwo ankangozunguza chipewa m'manja.

"Makala ndimaotchadi, aphunzitsi, sindingakane. Phiri ilo ndadyako nawo, ndipo chigwembe chija ndikudziwa kumene chinachokera. Phunziro lanu ndi loona. Mitengo ndifesanso, njere zilipo. Chimene chandibweretsa ndi mwanayu. M'mawa uliwonse ndisanakweze matumba ndimamutula pageti apo panjinga. Pano akukana sukulu, akukananso njinga. Lamlungu timawoloka msewu, ndinatambasula dzanja kuti ndimugwire monga mwa masiku onse. Analiyang'ana dzanjali, n'kubisa lake kumbuyo." Anakweza dzanjalo n'kuliyang'ana nawonso, kutsogolo ndi kuseri. "Chimenecho ndiye chandivuta."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ine, mayi wamkulu, wa zaka khumi ndi zinayi pantchito? Ndinati, "Ana ndi ana, bambo. Ndiwalanga onse."

Anapukusa mutu. "Musawalange. Achita zimene anaphunzira."

Anavala chipewa, anakwera njinga, napita. Ndikanakonda akanandimenya khofi.

Ndinakawauza ahedi zonse. Anavula magalasi n'kutikita m'maso. Ahedi athu si munthu woipa, koma amaopa phokoso kuposa njoka. Anati lipoti lapita kale ndi zithunzi zomwe, alendo anena kuti adzabweranso kudzaona mmene mitengo ikukulira, ndiye tikaizula tidzawaonetsa chiyani? Anati tiisiye, nkhaniyi izizira yokha, mwanayo akatopa kukhala pakhomo abwera. Ndinavomera. Ndikuti ndinavomera, ndipo mumtima ndinapuma pang'ono, chifukwa tsopano amene wakana anali ahedi, osati ine.

Madzulo ake ndikukoleza mbaula kuti nditereke madzi a tiyi, ndinawafotokozera bambo akunyumba. Ndinkayembekezera kuti andigwira mtima. Iwo anayang'ana thumba lomwe linali pakhonde, anayang'ana ine, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye amayi, kuyambira lero tizimwa tiyi wosawira? Kapena makala athuwa ndi ochokera ku mitengo ina yodzipereka yokha?"

"Musandiyambe dala," ndinawaopseza ndi chokupizira moto.

"Ine sindinaloze munthu ndi lula," anatero, n'kulowa m'nyumba akusekabe.

Tiyi ameneyo sanandilowe.

Lachinayi masana kunagwa chimvula. Tinatseka mazenera, ana akukuwa ndi chisangalalo pa phokoso la malata. Ine ndinaima pazenera lomwe lija ndikuyang'ana madzi ofiira akutsika m'phiri. M'mutu mwanga munali mapazi asanu aja basi. Ndinalemba masamu pabolodi, ndinalakwitsa, Wailesi n'kundikonza.

Lachisanu ndinadzuka m'mamawa n'kudzera njira ya kwawo ndisanapite kusukulu. Nyumba sinavute kupeza, ndinangotsata chigwembe. Mayo ine! Maenje amene ana anasiya anali atasanduka njira za madzi, lililonse ndi kangalande kake kotsetserekera m'chigwembemo. Pamene panali bafa panatsala mitengo iwiri yomangira bafalo ikulendewera m'malere, dothi lonse litagumukira pansi. Ndinawerenga ndi maso kuchokera pa khoma. Mapazi atatu. Sindinganene kuti timitengo tofika m'bondo tikanaletsa zonsezo, ngakhale eni ake sananene choncho. Koma mapazi a ana 63 anapondaponda pamenepo, ndipo amene anawatuma ndinkamudziwa.

Kachete anali panja ndi amayi ake, akuthira dothi m'matumba akale a makala kuti atchinge madzi. Anandiona. Anasiya fosholo pansi bwinobwino, n'kulowa m'nyumba. Amayi akewo anandipatsa moni waulemu, mpaka kundifunsa ngati ndadzuka bwino. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ngakhale tsiku lomwe ndinagwa pa siteji ku koleji.

Nditafika kusukulu sindinadzere ku ofesi. Ndinalowa m'kalasi n'kuwauza ana kuti akhale pansi, asatulutse makope.

"Ana inu, ine ndinalakwitsa."

Ana aang'ono amakhulupirira kuti mphunzitsi salakwitsa, sadya, ndipo amagona m'kabati ya mabuku. Anangoti maso tong'o.

"Bambo aja ndinakulozerani pazenera, mitengo yonse ili kumpandayo anafesa ndi iwo, kuti igwire dothi kuseri kwa nyumba yawo. Ife taizula. Dzulo mvula yagumula bafa lawo. Inu munazula chifukwa cha mawu anga, ndiye wolakwa wamkulu ndine. Ndipo pali china. Makala amene amanyamula aja, thumba limodzi limabwera kunyumba kwanga. Ndimaphikira ine."

Wailesi anakweza dzanja, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

"Ndiye inunso ndinu mdani wa mitengo?"

"Eya."

"Ndiye mukagwada pakhonde?"

"Khala chete iwe!" Mawuwo anatuluka okha, mwachizolowezi. Kalasi inaseka. Ine sindinaseke, chifukwa mwanayo anafunsa zoona.

Ahedi atamva kuti ndikufuna kubweza mitengo anagwira m'mutu, koma sanandiletse. Anangoti alendo akadzabwera ndidzawafotokozere ndekha, iwo adzakhala atapita kumsonkhano. Ndinatuma uthenga kwa bambo aja, ndipo Lolemba anabwera ndi khasu laling'ono. Anayendanso m'mizere muja n'kumaika kamwala pa mtengo uliwonse umene unali ndi moyo. Timiyala tinakwana 17. Ina yonseyo inali itauma, masamba akuthothoka ukangokhudza.

Ana anaima patali, akuwaopa. Iwo ananjuta pansi n'kuitana Wailesi ndi chala.

"Iwe wolumidwa, tabwera. Kamtengo sakoka ngati ukuzula nthenga za nkhuku. Umakumba mozungulira, kutali, chonchi. Ndiye umalowetsa manja onse awiri pansi, n'kukanyamula ndi dothi lake, ngati mmene amayi ako amanyamulira mwana wogona. Tayesa."

Wailesi anayesa, lilime lili panja. Kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho anakhala chete mphindi zisanu zathunthu. Mitengoyo tinaiika m'mabeseni anga omwe aja ndi m'zidebe zokolopera, n'kuuyamba ulendo pamzere, ana awiriawiri, ine kumbuyo nditasenza beseni pamutu. Anthu m'njira ankaima kutiyang'ana. Ena ankandidziwa, ndipo nkhani inali itawafika kale, ndinaonera mmene ankagwirana pamapewa.

Titafika pachigwembe ana anangoti kakasi. Anasuzumira pansi, anayang'ana mitengo ya bafa ija ikulendewera, anayang'ana khoma.

"Ngati beseni lija," mwana wina ananong'ona. "Lopanda udzu lija."

Bambowo anawaonetsa pamene madzi amadzera, anawagwiritsa mizu ya udzu umene unatsala m'mphepete kuti amve mmene yalumira dothi. Mwana wina anawafunsa mosaopa kuti nanga bwanji amadula mitengo. Anayankha kuti chifukwa anthu amafuna kuphika ndipo iwo amafuna kudyetsa ana awo, koma zimenezo sizibweza phiri, n'chifukwa chake munthu ukadula uyenera kubzala yoposa imene wadula, ndipo iwo anachedwa kuyamba. Linali phunziro labwino kuposa langa, lopanda tchati.

Tisanayambe kubzala ndinatula beseni pansi. Ana onse analipo, amayi a pakhomopo analipo, anthu oyandikana nawo atatu kapena anayi ataima kuseri kwa mpanda. Chitseko cha nyumba chinali chotsegula pang'ono, ndipo ndinkadziwa amene ali kuseri kwake. Ndinagwada. Dothi linali lonyowa, linalowa mpaka m'masiketi.

"Bambo, ndinakutchulani dzina loipa pamaso pa ana, mwana wanu ali pomwepo. Ndinakuzulitsani mitengo. Ndinalanga mwana amene yekha sanalakwe. Mundikhululukire."

"Aaa, dzukani aphunzitsi, mudetsa zovala," anatero, akuoneka kuti manyazi awagwira iwo m'malo mwa ine. "Dzukani, ana akuona."

"Aone," ndinatero.

Tinayamba kubzala. Wailesi anatenga kambawa kamphanda kaja n'kukakankhira m'dzenje losaya. Ndipamene chitseko chinatseguka.

"Osatero! Ukupinda muzu!"

Kachete anadutsa pakati pa anzake osayang'ana aliyense, anamulanda Wailesi kamtengoko, anatsikira pa kamtsetse ka m'mphepete, anakuza dzenje ndi manja, anakakhazika bwino n'kutsendera dothi ndi zibakera. Atamaliza anafuna kukwera, koma dothi linali loterera, phazi linabwerera. Bambo ake anali pamwamba. Anatambasula dzanja, lakuda lomwe lija, kenaka ndinaona akuzengereza ngati akufuna kulibweza. Mwanayo analiyang'ana. Analigwira ndi manja onse awiri, bambo akewo n'kumukokera pamwamba, ndipo atafika sanalisiye.

Mawa lake ndinaima pazenera belu lisanalire. Njinga inafika mpaka pageti, Kachete ali pa kaliyala atagwira malaya a bambo ake. Anatsika, analowa m'kalasi, anakhala pamalo pake ngati sanajombepo.

Nthawi yopuma ndinamuitana pakhonde. Ndinanjuta kuti tifanane msinkhu. Ndinali nditakonza mawu, koma anatuluka opotoka.

"Mwanawe, undikhululukire. Sindinkadziwa kuti ndi adadi ako."

Nditangonena ndinadzimva ndekha. Ngati kuti akanakhala adadi a mwana wina zikanakhala bwino! Ndinayesanso.

"Pali chinanso chimene ndinawauza anzako iwe kulibe. Makala amene adadi ako amagulitsa, inenso..."

"Ndikudziwa," anatero. "Kwanu ndi kwa geti la malata, kuli galu wotsimphina. Adadi akamalowetsa thumba, ine ndimatsala panja kugwira njinga kuti isagwe."

"Iwe? Kuyambira liti?"

"Kalekale. Ndisanayambe sukulu."

Ndinakumbukira miyezi yonse ija, ine ndili pakhonde la khitchini kudandaula kuti thumba silinadzaze, kunja kwa mpanda kukumveka kabelu ka njinga ngati mwana akuseweretsa. Sindinasuzumirepo ngakhale kamodzi.

"Ndiye tsiku lija ndikuloza pazenera, unkadziwa? Anzako akukuimba njira yonse, ine n'kukugwaditsa pano, unkadziwa kuti makalawo ndimagula ndine?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Nanga bwanji sunanene? Ukanangonena kamodzi, onse akanakusiya."

Anandiyang'ana mmene ine ndimayang'anira mwana amene walephera kuwonkhetsa ziwiri ndi ziwiri.

"Mukanachita manyazi, aphunzitsi."

Belu linalira. Iye anathamangira pamzere, Wailesi n'kumupatsa malo kutsogolo kwake. Ine ndinatsala chinjutire pakhonde, pamalo pomwe paja ndinamugwaditsa, ana 64 akudikira kuti ndiwauze kuti alowe.